Mutu Umodzi Susenza Denga: Kuteteza Ana Athu ku Mowa ndi Chamba

Mzinda wa Blantyre uli ndi anthu ambiri zedi. Pa kalembera wa mu 2018 munapezeka anthu 800,264, ndipo ochuluka mwa iwo amakhala m'malokeshoni monga Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri. Ambiri mwa anthu amenewa kwawo ndi kumudzi: ku Thyolo, ku Mulanje, ku Chiradzulu, ku Ntcheu ndi kwina kotero. Inu amene mukuwerenga nkhani ino muli pa benchi, kudikira kuti muonane ndi adokotala, mwina muli ndi mwana, mphwanu kapena mdzukulu amene anapita kumeneko kukaphunzira, kukafuna ganyu kapena kukayendetsa njinga ya kabaza. Choncho zimene zimachitika m'malokeshoni amenewa zikukukhudzani. Ndiponso mowa umene wagulitsidwa lero pa msika wa Ndirande, mawa udzapezeka pa kagolosale ka m'mudzi mwanu.

Kholo limodzi palokha silingathe kuteteza mwana ku mowa waukali, chamba ndi mankhwala ena ozunguza bongo. Apolisi paokha sangathenso, ngakhale chipatala pachokha. Koma pamene makolo, mafumu, aphunzitsi, azipembedzo, azaumoyo ndi achinyamata eni ake agwirana manja, zinthu zimasintha. Dziko lathu linaona kale umboni wa zimenezi.

Kukula kwa vutoli

Bungwe la WHO, limene limaona zaumoyo pa dziko lonse, linanena kuti mu 2019 mowa unachititsa imfa za anthu okwana 2.6 miliyoni. Kuno kwathu, kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 pakati pa anthu a zaka 25 mpaka 64 anasonyeza kuti amuna 30 mwa 100 aliwonse amamwa mowa, pamene akazi anali 4 mwa 100 aliwonse. Chodetsa nkhawa kwambiri chinali kamwedwe kake: pafupifupi mwamuna mmodzi mwa asanu aliwonse ankamwa mowa wochuluka pa nthawi imodzi mpaka kuledzereratu.

Kamwedwe kotere kamaononga chiwindi, kamakweza kuthamanga kwa magazi, ndipo kamafooketsa thupi kotero kuti chifuwa chachikulu cha TB chimapeza polowera. Munthu amene ali pa mankhwala a ARV akakhala chidakwa amaiwala kumwa mankhwala ake pa nthawi yake. Mayi woyembekezera akamamwa, mowawo umafika kwa mwana ali m'mimba ndipo ungathe kuononga bongo wake kwa moyo wonse. Pamwamba pa izi pali ngozi za pamsewu, ndewu za m'banja, ndi ndalama za chakudya zimene zimathera pa malo omwera.

Kwa wachinyamata ngozi yake ndi yaikulu koposa. Bongo wa munthu umapitiriza kukula mpaka afike zaka pafupifupi 25. Mwana amene wayamba kumwa kapena kusuta chamba ali ndi zaka 13 kapena 14 amazolowera msanga kuposa amene wayamba atakula, ndipo kusiya kumamuvuta. Chamba chimafooketsa nzeru zokumbukira zinthu, ndipo mwa achinyamata ena chimadzutsa matenda a misala. Palinso ena amene amamwa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine osadwala, pofuna kuledzera nawo. Ichi n'chifukwa chake akuluakulu anati kuongola mtengo mpoyamba.

Nkhani ya masacheti

Amene anakhala mu Blantyre zaka za pakati pa 2010 ndi 2015 akukumbukira timapepala tapulasitiki timene tinali mbwee m'ngalande, m'misika ndi m'mbali mwa mipanda ya sukulu. Amenewo anali masacheti: mowa waukali wothiridwa m'timatumba ting'onoting'ono. Mowa wa mtundu umenewu mphamvu yake imaposa ya mowa wamba wa m'botolo pafupifupi kasanu ndi katatu. Mtengo wake unali wotsika kotero kuti ndalama imene mwana wapatsidwa kuti akagule mandasi pa nthawi yopuma inkakwanira kugula sacheti. Kathumbako kankabisika m'thumba la kabudula, m'sokosi kapena pakati pa makope. Aphunzitsi ankadandaula kuti ana ena akulowa m'kalasi ataledzera, ndipo madalaivala ndi makondakitala ena a minibasi ankamwa ali pa ntchito.

Mayi aliyense ankadandaula payekha pakhomo pake, koma dandaulo la munthu mmodzi silinkafika patali. Zinthu zinayamba kusintha pamene mawu a anthu osiyanasiyana anakhala amodzi.

Mmene anthu anagwirizanirana

Chiyambi chake chinali chotere. Dziko lililonse limafunika kukhala ndi ndondomeko yofotokoza mmene mowa uyenera kupangidwira, kugulitsidwira ndi kutsatsidwira. Chikalata choyamba cha ndondomeko yotere chimene chinakonzedwa kuno chinali ndi chilema. Akatswiri awiri a ku Norway, Øystein Bakke ndi Dag Endal, anachiyerekeza ndi zikalata za ku Lesotho, Uganda ndi Botswana, ndipo mu 2010 anafalitsa zimene anapeza: zikalata zinayi zonsezo zinali zofanana pafupifupi mawu ndi mawu, ndipo m'kalembedwe kake munali dzanja la makampani opanga mowa. Kunali ngati kupempha fisi kuti amange khola la mbuzi.

Mabungwe omwe si aboma anakana zimenezi. Motsogozedwa ndi bungwe la Drug Fight Malawi, limene mkulu wake pa nthawiyo anali a Nelson Zakeyu, ndiponso mothandizidwa ndi bungwe la FORUT la ku Norway, anayambanso ntchitoyo mwatsopano. Anayenda m'maboma kukamva maganizo a mafumu, azipembedzo, aphunzitsi, apolisi, azaumoyo ndi achinyamata. Pambuyo pake Unduna wa Zaumoyo unatenga utsogoleri wa ntchitoyi, ndipo mabungwewo anapanga mgwirizano wotchedwa Malawi Alcohol Policy Alliance kuti azilankhula ndi pakamwa pamodzi.

Dziko loyandikana nalo la Zambia linaletsa masacheti, amene kumeneko amawatcha tujilijili, mu 2012. Kuno kwathu Boma linakhazikitsa malamulo oletsa kuthira mowa waukali m'masacheti mu 2015. Eni mafakitale ena anakatsutsa kukhoti, koma pomaliza chiletsocho chinakhazikika. Mu 2017 Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa ndondomeko ya dziko lino yokhudza mowa. Ntchito yonseyi inatenga zaka pafupifupi khumi, ndipo inatheka chifukwa anthu sanatope kukumana.

Lamulo silifika lokha pakhomo

Tisaganize kuti nkhondo inathera pomwepo. Masacheti atatha, mowa waukali wotsika mtengo unabweranso m'timabotolo ndi m'zigubu, ndipo ogulitsa ena anayamba kuupungulira m'timakapu kuti ngakhale wa ndalama zochepa agule. Mu April 2024 anthu angapo anamwalira mu Blantyre atamwa mowa wosadziwika kapangidwe kake umene anthu anaupatsa dzina loti Ambuye N'tengeni, ndipo akuluakulu a mzinda anauletsa. Dzina lokhalo likusonyeza kuti omwa ankadziwa kuopsa kwake, koma chizolowezi ndi umphawi zinawakoka.

Malamulo tili nawo. Lamulo la mowa la mu 1979 limaletsa kugulitsa mowa popanda chilolezo, ndipo limaletsanso kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18. Kusuta chamba ndi mlandu. Lamulo la mu 2020 linangolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo amene apatsidwa chilolezo. Koma lamulo lolembedwa ku Lilongwe siliona zimene zikuchitika kuseri kwa nyumba ku Malabada kapena ku Ntopwa. Wapolisi sangaime pa shabini iliyonse usiku ndi usana. Amene amadziwa nyumba yogulitsa mowa kwa ana a yunifolomu ndi anthu oyandikana nayo. Apa mpamene mgwirizano wa anthu a m'dera umakhala maso ndi manja a lamulo.

Ndani ayenera kukhala mu mgwirizano

Ubwino wake ngwakuti sipafunika kuyamba chinthu chachilendo. Magulu ofunika alipo kale m'lokeshoni iliyonse. Chimene chimasowa nthawi zambiri ndi kuwakhazika pa mphasa imodzi.

Mafumu ndi atsogoleri a mabuloko ndiwo amadziwa nyumba iliyonse ndi mwini wake. Iwo angathe kuitanitsa msonkhano ndi kutsogolera anthu pokhazikitsa malamulo a m'dera, monga nthawi yotsegulira ndi kutsekera malo omwera, ndi kuletsa kutuma ana kukagula mowa.

Khansala wa wodi ndiye mlatho wofikira ku khonsolo ya mzinda, imene imapereka zilolezo zogulitsira mowa. Anthu akaona kuti malo omwera atsegulidwa pafupi ndi sukulu, kapena akugulitsa opanda chilolezo, dandaulo lolembedwa ndi kusainidwa ndi anthu ambiri limamveka kuposa la munthu mmodzi.

Makomiti a chitetezo cha m'madera, amene amagwira ntchito ndi apolisi, amayendera dera usiku ndipo amadziwa malo amene anyamata amasonkhana kukasuta. Ntchito yawo ndi kudziwitsa apolisi za ogulitsa, osati kumenya ana.

Aphunzitsi, makomiti a sukulu ndi magulu a amayi a pa sukulu ndiwo amayamba kuona mwana akasintha: kujomba, kugona m'kalasi, kutsika m'mayeso. Akadziwitsa makolo msanga, mwana amabwezedwa asanapite patali.

Azipembedzo amakumana ndi mabanja sabata iliyonse. Amayi a Mvano, a Dorika, miphakati ya Akatolika ndi magulu a amayi a Chisilamu amalowa m'nyumba zimene wapolisi sangalowe, ndipo amamva zimene mayi sanganene pa gulu.

Alangizi a zaumoyo ndi anamwino a pa zipatala zazing'ono za Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi South Lunzu ku Machinjiri ndiwo angafotokoze zoona zake za mowa ndi chamba, ndi kulozera odwala kumene angapeze chithandizo.

Achinyamata eni ake asasiyidwe kunja. Msonkhano wokamba za achinyamata koma mulibe wachinyamata ndi mmodzi yemwe uli ngati kumeta munthu iye kulibe. Mnyamata amamvera mnzake kuposa mmene amamvera mkulu wa imvi.

Pomaliza, ogulitsa mowa nawonso aitanidwe. Ambiri mwa iwo ndi makolo, ndipo akalonjeza pamaso pa anthu kuti sagulitsa kwa ana, amachita manyazi kuswa lonjezolo.

Phunziro lochokera kutali

Dziko la Iceland, limene ndi chilumba chozizira kumpoto kwa Ulaya, linali ndi vuto lalikulu la kuledzera kwa ana. Mu 1998, ana 42 mwa 100 aliwonse a zaka 15 ndi 16 ananena kuti analedzerapo m'mwezi umene unangotha. Pofika mu 2016 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 5 mwa 100 aliwonse. Osuta fodya tsiku ndi tsiku anatsika kuchoka pa 23 kufika pa 3.

Anthu a kumeneko anaona kuti kungouza ana kuti mowa ndi woipa sikunkathandiza kwenikweni. Choncho anasintha malo amene ana akukuliramo. Makolo a ana a sukulu imodzi ankagwirizana mfundo zofanana, kuti mwana asamanene kuti kwa anzake amaloledwa. Anakhazikitsa nthawi yoti ana akhale atalowa m'nyumba madzulo, ndipo makolo ankayendera misewu mosinthana. Analimbikitsa makolo kucheza ndi ana awo nthawi yokwanira ndi kudziwa anzawo a anawo. Anachulukitsanso masewera, nyimbo ndi magule otsogozedwa ndi akuluakulu, kuti mwana akaweruka ku sukulu akhale ndi kopita.

Iceland ndi dziko lolemera, koma zambiri mwa izi sizilira ndalama. Bwalo la mpira, kwaya, gulu la zisudzo, beni kapena netibolo zilipo kale m'madera mwathu. Chofunika ndi munthu wamkulu wokhulupirika woti azikhala nawo anawo, ndi makolo oti azifunsa kuti: kodi mwana wanga ali kuti dzuwa likamalowa, ndipo ali ndi yani?

Miyala ya m'njira

Ntchito imeneyi ili ndi zovuta zake, ndipo ndi bwino kuzidziwiratu.

Choyamba ndi umphawi. Amayi ambiri otcheza kachasu kapena ogulitsa mowa amachita zimenezi kuti apeze lendi ndi fizi ya ana. Kuwaswera miphika popanda kuwaonetsa njira ina yopezera ndalama kumangosamutsira malondawo kuseri kwa nyumba ina. Mgwirizano wanzeru umawathandiza kulowa mu banki m'khonde kuti apeze mpamba wa geni ina, ndipo pakali pano umawapempha zinthu zotheka: osagulitsa kwa ana, osagulitsa m'mawa, osathiramo mankhwala kapena zinthu zina pofuna kuti mowa ukalipe.

Chachiwiri ndi mantha ndi chibale. Wogulitsa chamba angakhale mwana wa mnansi, kapena munthu woopedwa. N'chifukwa chake nkhani zotere zimayenera kupita kwa apolisi m'dzina la komiti yonse, osati la munthu mmodzi.

Chachitatu ndi mkwiyo. Kugwira mnyamata woledzera n'kumumenya, kapena kuotcha nyumba ya wogulitsa, ndi mlandu, ndipo sikuchiritsa aliyense. Mgwirizano usasanduke gulu lolanga anthu.

Chachinayi ndi kutopa. Anthu amasonkhana mwamphamvu pakagwa maliro, koma pakapita miyezi iwiri aliyense amabwerera ku zake. Komiti imene imakhalitsa ndi imene ili ndi tsiku lokhazikika lokumana mwezi uliwonse, mlembi wosunga zimene agwirizana, ndi ntchito imodzi kapena ziwiri zooneka ndi maso, osati khumi pa nthawi imodzi.

Amene wagwidwa kale ndi wodwala

Kuteteza kumayendera limodzi ndi kuchiza. Uchidakwa ndi matenda, ndipo munthu angathe kuchira. Zizindikiro zake ndi izi: kulephera kusiya ngakhale akufuna, kufuna mowa wochuluka kuposa kale kuti aledzere, kunjenjemera m'mawa mpaka atamwako, ndi kunyalanyaza ntchito, sukulu kapena banja. Kwa mwana, yang'anirani kusintha kwa anzake ocheza nawo, maso ofiira, kusowa kwa ndalama ndi katundu m'nyumba, kukwiya msanga ndi kubwera usiku.

Lankhulani naye ali bwinobwino, osati ataledzera, ndipo lankhulani mwachikondi. Kenaka mperekezeni ku chipatala chimene muli nacho pafupi. Azaumoyo akaona kuti pakufunika chithandizo chapadera, amatumiza wodwala ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, kapena ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe nawonso amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo.

Kumbukirani zinthu zitatu izi, pakuti zingapulumutse moyo:

1. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi popanda uphungu wa achipatala. Angathe kunjenjemera, kuona zinthu zimene palibe, kapena kugwa ngati wakhunyu, ndipo ena amamwalira.

2. Munthu akakomoka ndi mowa, mugonekeni chammbali kuti akasanza asatsamwe, musamusiye yekha, ndipo musamumwetse chilichonse. Ngati sakudzuka kapena akupuma movutika, thamangirani naye ku chipatala.

3. Mowa wosadziwika kapangidwe kake ungakhale ndi poizoni wotchedwa methanol, amene amachititsa khungu ndi imfa. Zizindikiro zake zimachedwa, mwina theka la tsiku kapena tsiku lathunthu: mutu, kusanza, kupweteka m'mimba, kupuma mofulumira ndi kuona mwachimbuuzi. Musadikire kuti matsire athe. Pitani ku chipatala msanga pamodzi ndi onse amene anamwa nawo, ndipo tengani mowa wotsalawo.

Yambani kwanu

Zonse tafotokozazi zingachitike m'mudzi monga momwe zingachitikire m'tauni, ndipo kumudzi n'kosavuta chifukwa anthu amadziwana ndipo mawu a mfumu amalemekezedwa. Mukabwerera kunyumba, kambiranani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ndi komiti ya zaumoyo ya m'mudzi. Pemphani amfumu kuti aike nkhaniyi pa msonkhano wotsatira, ndipo aitane mphunzitsi wamkulu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, achitetezo, achinyamata ndi ofulula mowa. Pa msonkhanopo yambani ndi mafunso osavuta: kodi ana athu amaupeza kuti mowa ndi chamba? Amamwa nthawi yanji? Akaweruka ku sukulu amachita chiyani? Mayankho ake ndiwo adzakuuzani poyambira.

Ngati muli ndi mwana m'tauni, dziwani kumene akukhala ndi amene akumuyang'anira. Muimbireni foni kawirikawiri, ndipo mulumikizeni ndi wachibale kapena mpingo wa kumeneko, kuti asakhale ngati nkhuku yopanda khola.

Inu abambo, mwana amaphunzira poona. Musamutume kukagula mowa, ndipo musamulawitse poseka. Inu amayi, musabise vuto la mwana wanu chifukwa cha manyazi, pakuti mnzanu wa nyumba yoyandikana nayo mwina akulira ndi vuto lomwelo. Masacheti analetsedwa chifukwa anthu wamba anagwirizana ndi kulimbikira kwa zaka zambiri. Mphamvu yomweyo ilipo ku Ndirande, ku Bangwe ndi m'mudzi mwanu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tiyeni timuteteze tonse.